Mpata Umene Udamwa Misozi

Amayi anzanga, popita kukaona abale ku Phalombe, kodi mudaimapo pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi? Kale ogula akapolo ankadutsitsa pamenepo anthu ali m'magoli, ena ali amayi obereka ana kumbuyo, ulendo wa ku Quelimane kunyanja ya mchere.

M'chaka cha 1893, boma la Harry Johnston lidamangapo linga la Fort Lister, nkuikamo asilikali kuti atseke njirayo. Lero kwatsala zipupa zogumuka ndi manda a Mzungu m'thengo. Koma a akapolo ofera m'njira, ndani angawaloze?

Ngati agogo akadalipo pakhomo panu, afunseni madzulo ano potongola chimanga. Mwina dzina la mbale wotengedwayo akulikumbukirabe.