Kudzutsa njinga yamoto yakale ndi ndalama zochepa: penti ibwere pomaliza

Kuseri kwa nyumba zambiri, m'magalaja ndi m'mabwalo a maofesi muli njinga zamoto zimene zinaimikidwa kalekale ndipo sizinalizidwenso. Matayala anaphwa, chishalo chinang'ambika, thanki inadyedwa ndi dzimbiri, ndipo wodutsa aliyense amangoti chinafa ichi. Komatu si zonse zimene zinaimikidwa chifukwa injini inatha. Ina inangofa batire, ina inaduka kebulo ya kilatchi mwini wake ali pa usiwa, ina mwini wake anamwalira ana asanaphunzire kukwera. Chimene chimadzaiwononga pambuyo pake ndi kukhala komweko: petulo amaumira m'kabuleta, chinyezi chimalowa m'thanki, labala amauma n'kusweka. Zonsezi zimakonzeka, ndipo munthu wa m'thumba mopepuka angathe kuzikwanitsa, bola ndalama zake zitsate ndondomeko yoyenera. Ayambe wafufuza asanagule kanthu, kenako injini ilire, kenako njinga izitha kuima ikamangidwa mabuleki, kukongola kubwere pomaliza. Ambiri amene amasiyira ntchitoyi panjira amakhala kuti anayambira kumapeto: anapentetsa thanki ndi kusoketsa chishalo, ndalama n'kutha asanadziwe ngati pisitoni ikuyenda.

Titenge chitsanzo cha Honda CG125, chifukwa mbiri yake ikusonyeza bwino chimene njinga zina zakale sizifera msanga. Mu 1974 kampani ya Honda inatumiza akatswiri ake awiri, Takeshi Inagaki ndi Einosuke Miyachi, kukaona mmene anthu ankagwiritsira ntchito njinga zamoto ku Thailand, Malaysia, Indonesia, Philippines, Iran ndi Pakistan. Anapeza njinga imodzi itanyamula banja lonse ndi katundu, oyilo osasinthidwa mpaka kuchita phala, mwini wake osapita kwa makaniko kufikira tsiku limene njinga yakaniratu. M'malo moimba mlandu okwerawo, anapanga injini yoti izipirira moyo woterowo. CG125 inatuluka mu 1975, ya silinda imodzi ya 124cc yoziziritsidwa ndi mphepo. Mavalavu ake amatsegulidwa ndi timitengo tachitsulo tokankhidwa kuchokera pansi, ndipo chimene chimatikankha chimazunguzidwa ndi magiya, choncho mulibe tcheni cha m'kati choti chitamuke. Sefa ya mpweya inali ya siponji yochapa n'kubwezeretsa. Mu 1976 anayamba kuipanga ku Manaus m'dziko la Brazil, ku Ulaya inagulitsidwa mpaka 2008, ndipo ku Pakistan kampani ya Atlas Honda ikuipangabe. Injini yopangidwira munthu wosaisamala imakhala ndi mwayi waukulu wodzukanso ngakhale itagona zaka khumi.

Kufufuza koyamba sikufuna ndalama, koma ndiko kumapulumutsa zochuluka. Yambani ndi mapepala. Nambala yodindidwa pa felemu ndi ya pa injini zifanane ndi zolembedwa m'buku la umwini, limene ambiri amangoti blue book, chifukwa njinga yopanda mapepala omveka idzakuvutitsani pokasintha umwini ku Road Traffic, ndipo mwina ndi yobedwa. Kenako imani kumbuyo kwake muone ngati matayala awiriwo ali pa mzere umodzi, mufufuzenso ming'alu ndi zowotcherera pakhosi pa felemu. Mukatero chotsani pulagi, muthire oyilo pang'ono pabowo lakelo, n'kutsitsa kiki pang'onopang'ono ndi dzanja. Ikatsika, tsekani bowolo ndi chala chachikulu mnzanu akuponda kiki: mpweya ukakankha chalacho mwamphamvu, ndiye kuti maring'i ndi mavalavu akadali ndi moyo. Kiki ikakana kutsika, musaidumphire. Kawirikawiri amakhala maring'i amene anamatirira ku silinda ndi dzimbiri, ndipo kukakamiza kumawathyola n'kukanda silinda, vuto laling'ono n'kusanduka lodula. Thirani dizilo kapena oyilo wopyapyala, mudikire masiku angapo, kenako ikani giya yapamwamba n'kumakankha njinga kutsogolo ndi kumbuyo modekha. Pa ntchito imeneyi kudikira n'kotchipa kuposa sipeya iliyonse.

Vuto lalikulu la njinga yokhalitsa limakhala panjira ya petulo, ndipo apa ndi pofunika kuchedwapo. Petulo akakhala nthawi yaitali mbali zake zopepuka zimauluka, n'kutsala utomoni wofiirira wonunkha ngati vanishi. Utomoniwo umatseka timabowo ta m'kabuleta, makamaka kabowo kakang'ono kamene kamapereka petulo injini ikamalira njinga itaima. N'chifukwa chake njinga yotere imalira ukakoka tchoko, n'kuzima ukangomubweza. Kuno ku Malawi palinso china: kuyambira 1982, pamene fakitale ya Ethco inayamba ntchito ku Dwangwa, petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo njinga ikakhala osayenda madziwo amadikha pansi pa thanki n'kuyambitsa dzimbiri, komanso amaumitsa mapaipi akale a labala. Mankhwala ake ndi otchipa. Masulani kabuleta pa nsalu yoyera kuti tizitsulo tisasowe, viikani mbali zachitsulo m'mankhwala otsukira kabuleta, n'kupemerera timabowoto ndi mpweya mpaka muziona kuwala mukayang'anitsa kudzuwa. Musatokose ndi singano kapena waya wolimba, chifukwa bowo likakula pang'ono chabe njinga idzakhala ikumwa petulo mopitirira muyeso. Thanki ya dzimbiri lochepa imayera ndi viniga wa m'sitolo: mudzazeni, agonemo tsiku limodzi kapena awiri, muikemo timanati tochepa n'kukhutchumula, mutsukuluze bwino ndi madzi a soda, muumitse msangamsanga, n'kuthiramo petulo dzimbiri lisanabwerere. Paipi yatsopano ndi kasefa kakang'ono pakati pa thanki ndi kabuleta ndi zinthu zotsika mtengo kwambiri pa njinga yonse, koma popanda izo kabuleta amene mwatsuka lero atsekekanso mawa.

Za moto ndi oyilo n'zachidule. Gundanitsani pulagi ku mutu wa injini n'kuponda kiki. Moto wabuluu ukathetheka, zili bwino. Ma CG akale anali a magetsi a 6V okhala ndi mapointi, ndipo nthawi zambiri kupukuta mapointiwo ndi sandipepa wosalala n'kokwanira. Oyilo wakale atuluke injini isanalizidwe n'komwe. Injini ya CG imafuna pafupifupi lita imodzi yokha, ndipo ilibe sefa ya pepala yogula: ili ndi kasefa ka waya kochapa ndi palafini. Mpata wa mavalavu ndi 0.08 mm injini ili yozizira.

Injini ikalira, chimwemwe chimapusitsa. Munthu amafuna kukwera nthawi yomweyo, ndipo apa mpamene kuumira kumapha. Matayala okhalitsa amaoneka a mano abwino koma labala wake anauma, sagwiranso msewu, makamaka mvula ikagwa. Pambali pa tayala pamakhala manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2314 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2014, ndipo ngati manambalawo ali atatu okha, tayalalo linapangidwa chaka cha 2000 chisanafike. Loterolo litayidwe pamodzi ndi chubu chake. Ma CG akale ali ndi mabuleki a dilamu kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo chikopa cha buleki chimene chinamatidwa zaka makumi atatu zapitazo chingathe kumatuka mwadzidzidzi n'kumanga wilo njinga ili pa liwiro. Mashuzi a mabuleki, makebulo, mabelingi a mawilo akamagwedera, tcheni ndi masipuloketi ake onse awiri pamodzi, nyali ndi chipewa choteteza mutu: apa ndi pamene gawo lalikulu la ndalama liyenera kupita. Wosakwanitsa kugula zimenezi mwezi uno aimike njingayo mpaka mwezi wamawa.

Wina anganene kuti kuvutika konseku n'kwa chiyani, pamene njinga zatsopano za ku China zadzaza m'mashopu ndipo anyamata a kabaza akuzigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Funsoli ndi lomveka, ndipo kwa munthu wofuna kuyamba kunyamula anthu mawa lomwe, yatsopano ndiyo yoyenera. Koma yatsopano imafuna ndalama zonse nthawi imodzi kapena ngongole, pamene yakale imalola kugula pang'onopang'ono, mwezi uno kabuleta, mwezi wamawa matayala. Komanso njinga za ku China zomwezo ndizo zikuthandiza kuti yakaleyo idzuke motchipa, chifukwa injini zambiri za 125cc za makampani monga Lifan zinatengera kapangidwe ka CG. Magasiketi, mapulagi, makebulo ndi zina zambiri zopezeka m'misika ya sipeya ku Lilongwe, Limbe ndi Mzuzu zimalowa, ngakhale kuti si zonse, choncho ndi bwino kunyamula chakalecho pokagula kuti mukafanizire.

Ena amadandaula kuti masipeya otengera amenewa sakhalitsa ndipo amachotsa ulemerero wa njinga yakale. Pali choonadi ndithu. Yankho lake ndi kusiyanitsa. Zimene zimatha n'kumasinthidwa, monga magasiketi, mababu ndi makebulo, zotengera zabwino zimagwira ntchito. Koma chitsulo choyambirira chimene chingatsukidwe chisatayidwe. Kabuleta wa Keihin amene anabwera ndi njingayo, akatsukidwa bwino, amaposa wotchipa watsopano amene timabowo take sitidziwika muyeso. N'chimodzimodzi ndi maganizo akuti ingochotsani injini yonse muikemo yatsopano: mumawononga ndalama zambiri pochiza matenda amene simunawapime, nambala ya injini imasiyana ndi ya m'mapepala, ndipo mwataya mbali imene inapangidwa molimba kuposa zonse. Ngakhale silinda itakandika, kuiboola n'kuikamo pisitoni yokulirapo ndi ntchito imene amisiri a m'matauni athu amaidziwa.

Zilipo njinga zosayenera kuziyamba n'komwe, ndipo kufufuza koyamba kuja ndiko kumaziulula. Felemu yopindika kapena yodyeka ndi dzimbiri mpaka kubooka, bokosi la injini losweka, madzi amene analowa mpaka m'magiya, mapepala osamveka: chimodzi mwa zimenezi chikapezeka, munthu wa ndalama zochepa aisiye, kapena aigule motchipa kuti azichotsako masipeya. Koma ngati felemu ndi yowongoka, manambala akugwirizana ndi buku, ndipo pisitoni ikukankha chala, njingayo ndi yoyenera kuidzutsa. Lembani m'kope chilichonse chimene mwagula, jambulani ndi foni mbali iliyonse musanaimasule, ndipo musaitulutse pamsewu isanakhale ndi inshuwalansi, inunso muli ndi laisensi. Ndalama ya penti muisunge kufikira njingayo itayenda mwezi wathunthu osavuta.