Kugawa maadiresi a imelo m'magulu: zimene mabungwe a mu Lusaka ayenera kudziwa

Mabungwe ambiri mu mzinda wa Lusaka, kuyambira mipingo ndi masukulu kufikira masitolo a mu Cairo Road, amatumiza nkhani zao kwa anthu kudzera pa imelo. Ngakhale kuti WhatsApp yafala kwambiri, maofesi akali kudalira imelo potumiza malipoti, mitengo ya katundu ndi zidziwitso za misonkhano. Vuto limabuka pamene maina afika mazana kapena zikwi, cifukwa mlembi sangakumbukirenso pamtima kuti kalata iyi ndi ya yani, ndipo iyo ndi ya yani.

Dziko lino linayamba msanga kugwiritsa nchito imelo. Kampani ya ZAMNET, imene inabadwira pa University of Zambia, inalumikiza Zambia ku intaneti m'caka ca 1994, nthawi imene maiko ambiri a mu Africa anali asanafikepo. Komabe patapita zaka zoposa 30, mupeza kuti m'maofesi ena maadiresi onse akali kusungidwa mu fayilo imodzi, ndipo mlembi amawakopera onse m'kabokosi ka To kapena ka Cc asanatumize kalata.

Njira imeneyi ndi yoopsa, pakuti aliyense wolandira kalatayo amaona maadiresi a anzake onse. Zimene zinacitika ku London m'caka ca 2015 zikuonetsa kukula kwa ngoziyi. Kiliniki ya 56 Dean Street inatumiza kalata ya nkhani kwa anthu pafupifupi 780 amene anali kulandira thandizo lokhudza HIV, koma maadiresi anaikidwa poonekera m'malo mwa kabokosi kobisa ka Bcc. Ambiri mwa maadiresiwo anali ndi maina enieni a eni ake. M'caka ca 2016 bungwe loyang'anira kiliniki imeneyi linalipitsidwa mapaundi 180,000. Ndalama zinalipiridwa, koma cinsinsi ca anthu aja cinali citaululika kale.

Mapulogalamu otumizira makalata a nkhani anapangidwa kuti athetse vuto lotere. Odziwika kwambiri ndi monga Mailchimp, imene inayamba ku Atlanta mu 2001 ndipo inagulidwa ndi kampani ya Intuit mu 2021, komanso phpList, pulogalamu yaulere imene bungwe lingaike pa seva yake. Mapulogalamuwa amatumiza kalata kwa munthu aliyense payekha, motero palibe amene amaona adiresi ya mnzake. Koma pulogalamu siingaganize m'malo mwa munthu. Nchito yogawa maina m'magulu imatsalabe m'manja mwa mlembi, ndipo m'pamene ambiri amasokonezeka.

Tiyerekeze mpingo wina wa ku Kabwata umene uli ndi mamembala 600. Muli a kwaya, a cigwirizano ca amai, acinyamata, akulu a mpingo, ndiponso magulu a mapemphero a m'madera monga Chilenje ndi Libala. Ngati gulu lililonse lipatsidwa mndandanda wakewake, posakhalitsa mindandanda ifika 30 kapena 40, ndipo kupeza woyenera kumakhala kobvuta. Mu phpList muli njira yoika mindandanda pansi pa mitu ikuluikulu. Mlembi angapange mutu wa Madera, mutu wa Maudindo ndi mutu wa Misonkhano, kenaka n'kuika mndandanda uliwonse pansi pa mutu wake, monga mmene kalaliki wa mu ofesi amaikira mafayilo m'madilowa a kabati. Mituyo siisintha anthu olandira kalata. Imangothandiza wotumiza kuti asasankhe mndandanda wolakwika.

Funso limene anthu amafunsa kawirikawiri ndi lakuti, nanga mai amene ali mu kwaya, mu cigwirizano komanso m'gulu la ku Libala adzalandira kalata katatu? Mu phpList, kalata imodzi ikatumizidwa ku mindandanda itatu panthawi imodzi, maiyo amalandira kope limodzi lokha. Mu Mailchimp zinthu n'zosiyana pang'ono. Munthu amene walembedwa m'mindandanda iwiri yosiyana amawerengedwa ngati anthu awiri, ndipo popeza malipiro amayendera ciwerengero ca maina, bungwe limalipira zambiri popanda cifukwa. N'cifukwa cake kumeneko kuli bwino kusunga mndandanda umodzi waukulu, ndi kusiyanitsa anthu poika zizindikiro pa maina ao.

Pali kusiyana kwina kumene alembi ayenera kukumvetsa. Magulu ena munthu amadzisankhira yekha polembetsa, monga kholo la ku Chelstone limene lifuna nkhani za mayeso a giredi 7 koma osati za masewera. Magulu ena amapangidwa ndi a mu ofesi, ndipo mwini dzina sawaona, monga gulu la makolo amene sanatsirize kulipira. Magulu a mtundu waciwiriwu ndi amene amabweretsa milandu. Dzina la mndandanda wotere likaikidwa poyera pa tsamba lolembetsera, kapena likaonekera m'kalata, kholo limacita manyazi ndipo sukulu imataya ulemu wake. Kunena zoona, gulu lotere siliyenera n'komwe kusungidwa mu pulogalamu ya makalata a nkhani. Malo ake ndi m'mabuku a msungicuma.

Nkhaniyi imakhudzanso malamulo a dziko lino. M'caka ca 2021 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Data Protection Act, limene linanena kuti munthu ali ndi ufulu wokana kuti dzina lake ligwiritsidwe nchito pomutumizira zotsatsa malonda. Lamulolo linaika m'gulu la zinsinsi zofunika citetezo capadera nkhani monga umoyo wa munthu, cipembedzo cake, mtundu wake ndi maganizo ake pa ndale, ndipo linalamula kuti zinsinsi zotere zizisungidwa pa makompyuta a m'dziko muno. Apa mpofunika kuganizira bwino. Kungoika dzina la munthu pansi pa mutu wakuti odwala shuga kapena mamembala a cipani ndiye kuti mwalemba kale cinsinsi cake. Bungwe limene liganiza zoika maina otere pa pulogalamu imene makompyuta ake ali kunja kwa Zambia liyenera kufunsa kaye a ku ofesi ya Data Protection Commissioner kapena loya. Kusunga seva mu ofesi nako kuli ndi mabvuto ake, monga aliyense amene anaona kuzimazima kwa magetsi kwa mu 2024 angacitire umboni.

Makampani a imelo naonso anakhwimitsa malamulo ao. Kuyambira mu February 2024, Gmail ndi Yahoo anayamba kufuna kuti otumiza makalata ambiri aike njira yosabvuta yoti munthu adzicotse pa mndandanda, ndiponso kuti madandaulo a spam asafike pa makalata 3 mwa 1,000 alionse. Kwa Gmail, wotumiza makalata ambiri ndi amene amatumiza pafupifupi 5,000 pa tsiku. Mabungwe ang'onoang'ono safika pa ciwerengero cimeneci, koma makina osefa makalata amayang'anabe mbiri ya wotumiza aliyense. Sitolo imene itumiza mitengo ya simenti kwa munthu wa ku Kabulonga amene anangogula nsapato za mwana, imapangitsa munthuyo kudina batani la spam. Ena akacita cimodzimodzi, ngakhale kalata yofunika imathera kumene palibe amene amawerenga.

Nanga magulu akhale angati? Palibe nambala yokhazikika, koma gulu limene silinatumiziridwepo kalata yakeyake kwa caka cathunthu liribe nchito. Komiti ya anthu okhala ku Woodlands ingakhutire ndi magulu atatu okha: eni nyumba, ocita lendi, ndi a komiti. Maina a magulu alembedwe momveka kwa mlembi amene adzabwera m'tsogolo, osati m'zidule zimene amazidziwa munthu mmodzi.

Cinthu cina cimene cimaiwalika ndi kusesa mndandanda. Anthu amasamuka, amasintha nchito, ndipo ena amatisiya. Mapulogalamu amaonetsa maadiresi amene makalata akubwerera, ndipo amenewa ayenera kucotsedwa. Koma pulogalamu siidziwa za maliro. Mlembi wa mpingo kapena wa sukulu ndiye ayenera kucotsa dzinalo mwamsanga, kuti banja loferedwa lisamalandire kalata yoitana malemu ku msonkhano wa mwezi wamawa.