Zikho za Ligi Isanayambe: Zimanola Wosewera Kapena Zimamuphwanya?

Ligi ikatha mu Meyi, mabwalo a mu Chipata sapuma. Pa David Kaunda Stadium, pa mabwalo a sukulu ku Kapata ndi ku Mchini, ngakhale m'midzi ya m'mbali mwa msewu wa ku Mwami ndi wa ku Lundazi, mpira umangogubuduzika. Wabizinesi waika mbuzi ndi majezi, wofuna ukhansala waika ndalama, ndipo matimu amalembetsa mothamanga. Onse amati akukonzekera ligi. Koma kukonzekera kwake n'kotani kumene mnyamata amafika tsiku lotsegulira ligi akutsimphina?

Mkangano umenewu suli kwathu kokha. Ku Ireland kuli mpira wawo wotchedwa Gaelic football, wa anthu 15 mbali iliyonse, womwe amamenya ndi phazi komanso kugwira ndi manja. Osewera ake, ngakhale otchuka kwambiri, salandira malipiro: ndi aphunzitsi, alimi, apolisi ndi ana a sukulu za ukachenjede. Mu Januwale, ligi yawo isanayambe, zigawo zinayi za dzikolo zakhala zikuchititsa zikho zake: O'Byrne Cup, Dr McKenna Cup, McGrath Cup ndi FBD League. Bungwe la osewera la GPA linadandaula kuti zikhozi zimakakamiza matimu kuyamba zolimbitsa thupi msanga, anthu asanapume, ndipo mu 2024 akuluakulu a bungwe loyendetsa mpirawo la GAA anagamula kuti mu 2025 zisachitike. Zimene ankatsutsana kumeneko n'zomwe timatsutsana ife pansi pa mtengo wa mango tikudikira kuti oyimbira aimbe wezulo.

“Thupi limalimba ndi masewero, osati ndi tireningi”

Ichi ndiye chikhulupiriro chachikulu, ndipo chili ndi kachoonadi kake. Palibe kuthamanga kozungulira bwalo kumene kungaphunzitse munthu kulimbirana mpira ndi mdani amene akufunadi kumulanda. Mphunzitsi amafunika kuona anyamata ake pa moto weniweni asanasankhe 11 oyamba. Vuto ndi nthawi imene motowo wayatsidwa.

Kafukufuku wa UEFA wotsogoleredwa ndi Jan Ekstrand wa ku Sweden, yemwe wakhala akulemba kuvulala kwa osewera m'matimu akuluakulu a ku Ulaya kuyambira 2001, anapeza kuti pa maola ofanana wosewera amavulala pafupifupi ka 7 m'masewero kuyerekeza ndi pa tireningi. Mu 2020 gulu lomwelo, litaunika matimu 44 pa zaka 15, linapeza kuti matimu amene anachita matireningi ambiri ligi isanayambe osewera awo ankajomba mochepa chifukwa chovulala ligi ili mkati. Mwachidule, chimene chimateteza mwendo ndi masabata aja otopetsa opanda ochemerera. Masewero amangoyesa zimene tireningi yamanga.

Alimi a kuno amadziwa bwino zimenezi. Ng'ombe imene yakhala miyezi ikungodya mapesi saimanga pa goli tsiku lonse mvula yoyamba ikangogwa. Amayamba nayo pang'onopang'ono kuti khosi lizolowere. Koma mnyamata amene wakhala mwezi wonse osagunda mpira timamuuza Lachinayi kuti Loweruka pali chikho, ndipo pa mphindi ya 20 tikumuona atagwira kuseri kwa ntchafu, akuitana wapabenchi.

“Amapuma mokwanira, ligi inatha kalekale”

Kodi amapumadi? Kuyambira 2019, pamene FAZ inasintha kalendala kuti igwirizane ndi ya CAF, ligi yaikulu ya Zambia imayamba cha mu Ogasiti n'kutha cha mu Meyi. Chaka chimenecho kunali ligi yaifupi ya theka loyamba la chaka, kenaka ina n'kuyamba chaka chomwecho. Kalendala yatsopanoyi inaika nthawi yopuma mu Juni ndi Julaye, miyezi imene anthu akolola, ndalama ya fodya, soya ndi mtedza ili m'thumba, ndipo zikho za m'midzi zili mbwee. Wosewera wabwino amabwerekedwa uku ndi uku: Loweruka wavala jezi ya timu ya kwa amalume ake, Lamlungu ya anzake a kumsika. Kochi wake weniweni akuganiza kuti mnyamata ali kunyumba akupumitsa maondo.

FIFPRO, bungwe la osewera la dziko lonse, limati wosewera azipuma masabata osachepera 4 ligi ikatha, asanayambe kukonzekera ina. Amenewo ndi malangizo a anthu amene ntchito yawo ndi mpira basi. Wathu wa ligi ya m'chigawo amadzuka mbandakucha kukapalasa njinga atanyamula munthu ndi thumba la ufa kukwera mtunda, kapena kuumba njerwa, kapena kuthirira kudimba, kenaka n'kubwera ku tireningi madzulo atangodya chimanga chootcha. Pamenepa akufanana kwambiri ndi anzake a ku Ireland aja, omwe kafukufuku wa bungwe la ESRI mu 2018 anapeza kuti amatha maola ofika 31 pa sabata pa za mpira, pamwamba pa ntchito kapena sukulu. Kusiyana kwake n'kwakuti wa ku Ireland akavulala amapeza dokotala wa timu, pomwe wathu amapeza mnzake womukoka mwendo.

“Ndi ana, angathe kusewera kawiri pa tsiku”

Apa ndiye pamene chikho cha masiku awiri chimalakwira kwambiri. Matimu 8, bwalo limodzi, ndime yoyamba Loweruka, semifainolo Lamlungu m'mawa, fainolo madzulo ake. Ochemerera amati onani, akuthamangabe. N'zoona, amathamangabe, ndipo n'chifukwa chake chinyengo chake sichioneka. Mu 2010 Gregory Dupont ndi anzake anatsatira osewera 32 a timu ina yosewera mu Champions League kwa zaka ziwiri. Akasewera kawiri pa sabata, mtunda umene ankathamanga sunkatsika ayi, koma kuvulala kunkakwera kuchoka pa 4.1 kufika pa 25.6 pa maola 1,000 aliwonse. Amenewo anali ndi masiku atatu kapena anayi pakati pa masewero, chakudya chabwino ndi madokotala. Ife timapereka maola atatu ndi botolo la maheu.

Onjezanipo bwalo lenileni. Mu Ogasiti udzu wauma kapena watenthedwa, nthaka yalimba gwa, ndipo pakhomo pa golo pali dzenje la fumbi. Zipsera za m'ntchafu mwa magoloboyi athu zimachokera pamenepo. Ukafika Okutobala, mwezi wa zikho za Ufulu za pa 24, dzuwa la 15 koloko limawotcha ngakhale wongoonerera, ndipo kutsikira ku Mambwe ndiye kosanena. Thupi limafuna sabata imodzi kapena awiri kuti lizolowere kugwira ntchito yolemetsa pa kutentha. Zoti kumwa madzi mpira uli mkati kumalemetsa mimba ndi bodza loopsa. FIFA yeniyeniyo imalola kuimitsa masewero kuti osewera amwe madzi kukatentha kwambiri.

“Ndi masewero opimana mphamvu chabe, palibe choopsa”

Pa 29 Ogasiti 2007, Chaswe Nsofwa, womwetsa zigoli wa Chipolopolo yemwe anasewerapo ku Zanaco ndi Green Buffaloes, anagwa pa bwalo ku Be'er Sheva m'dziko la Israel, pa tsiku lotentha kwambiri, m'masewero oyeserera a timu yake ya Hapoel Be'er Sheva. Anamwalira tsiku lomwelo chifukwa cha mtima. Panalibe chikho, panalibe mapointi. Patatha zaka 15, mu Okutobala 2022, Enock Mwepu anasiya mpira ali ndi zaka 24, madokotala atamupeza ndi nthenda ya mtima yakumtundu ali ku Brighton. Mwepu ali moyo lero chifukwa anapimidwa, ndipo zimene anapeza madokotala zinamvedwa.

Kupima sikugwira nthenda iliyonse, koma nthawi yake yoyenera ndi yomweyi, ligi isanayambe. Sizifuna ndege ya ku London. Kufunsa mnyamata ngati anakomokapo akuthamanga, ngati amamva kupweteka pachifuwa, ngati kwawo wina anafa mwadzidzidzi ali wamng'ono, kumuyeza BP ndi kumumvetsera mtima, zonsezi wachipatala wa pakiliniki angathe, ndipo wokayikitsa angatumizidwe ku Chipata Central Hospital. Ndi angati mwa ochititsa zikho amene amaika wachipatala m'bajeti asanaike zokuzira mawu?

“Ndiye zithetsedwe basi”

Apa ndikusiyana nawo amene amaganiza kuti kufufuta zikho papepala ndiye kuteteza wosewera. Ku Ireland otsutsa chigamulo chija choimitsa zikho ananena mfundo ziwiri zomveka: zigawo zinataya ndalama za pakhomo, ndipo matimu sanaleke kusewera, anangosamukira ku masewero opimana mphamvu a kuseri, opanda owonerera. Kwathu zingakhale chimodzimodzi, mwinanso kuposa. Timu ya m'chigawo chakum'mawa imafuna ndalama ya kulembetsa, ya minibasi yopita ku Petauke kapena ku Lundazi, ya mipira. Kachikho ka mu Julaye nthawi zina ndiko kamagula zonsezo. Ndiponso mwana wa ku Chadiza amene sanaonedwepo ndi timu ya m'tauni, adzaonekera kuti? Lusaka ili pa mtunda woposa makilomita 500, ndipo ofufuza luso sabwera kudzaonerera tireningi.

Ngakhale matimu akuluakulu sanataye mwambowu. Zambia ili ndi Charity Shield ya dzina la Samuel “Zoom” Ndhlovu, katswiri wa Mufulira Wanderers, ndipo kutsidya kwa Mwami, ku Malawi, a FAM ali ndi yawo. Koma taonani pamene zimaikidwa: kumapeto kwa zokonzekera, ligi itatsala pang'ono kuyamba, matupi atapsa kale.

“Kupewa kuvulala n'kwa matimu a ndalama”

Ndondomeko yotenthetsa thupi ya FIFA 11+ imatenga mphindi 20 ndipo imafuna mpira ndi timiyala toika m'malo mwa makoni. Itayesedwa pa atsikana a ku Norway mu 2008, kuvulala kunatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Pa anyamata a ligi ya achinyamata ku Lagos mu 2014 kunatsika ndi 41 pa 100 aliwonse. Ndi yaulere pa intaneti, kochi aliyense wa foni angaione.

Choncho inu akuluakulu a mpira m'chigawo chino, inu makochi ndi inu amene mumaika mbuzi ndi makwacha, zikho zisiyeni zikhalepo, koma ziikireni malamulo. Wosewera ayambe wapuma mwezi, apimidwe, achite tireningi masabata atatu kapena anayi, kenaka chikho. Timu isasewere kawiri tsiku limodzi. Fainolo ikhoza kudikira Loweruka linalo, ndipo anthu adzabweranso kudzalipira pakhomo. Mu Okutobala mpira uziyamba dzuwa litapendeka, madzi ali m'mbali mwa bwalo. Ndipo amene alibe ndalama ya wachipatala ndi galimoto yodikira pabwalo, asapatsidwe chilolezo chochititsa chikho.