Mwana wokanda matope musamulande dothi lake

Titangoweruka pa maphunziro a alezi a sukulu za mkombaphala ku Lilongwe, mayi wina anandiimitsa pakhonde, foni ili m'manja, nkhope ili ndwii. Iwowa si mlezi, anangomva kuti kwabwera munthu wodziwa za ana aang'ono. Ali ndi ana atatu ndipo onsewo amawaphunzitsa okha pakhomo. Anayamba ndi wachisamba pomwe boma linatseka sukulu mu Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ndipo sukulu zitatsegulidwa sanamubwezenso. Vuto linali pa wazaka 4. Apongozi awo anabwera kudzacheza, n'kupeza mdzukulu ali chikhalire pansi, matope mpaka m'zigongono. Akuti anangoti, "Mwana wa alamu anu ali ndi zaka 3 koma akulemba 1 mpaka 50. Wanuyu ndi wamatope basi. Mukufuna adzakhale woumba miphika?"

Mayiwo anandipatsira foni ija ngati akupereka umboni wa mlandu wawo womwe. "Aphunzitsi, taonani. Kodi anawa ndikuwawononga?"

Zithunzi zinali mbwee. China, timanja tikutunga zitsekerero za mabotolo pa chingwe, chofiira, chobiriwira, chofiira, chobiriwira, osaphonyetsa. China, ng'ombe za dothi zitandandalikidwa pakhonde kuyambira yaikulu mpaka kamwana kake. China, mwana atatulutsa lilime, sizasi ikutsata mzere wokhotakhota pa katoni ya sopo. China, wamkuluyo akuyeza ufa wa mandasi ndi kapu. Ndinapsa mtima, koma osati ndi apongoziwo. Iwo amawakonda adzukulu awo ndipo ananena zomwe dziko lonse limanena. Ndinapsera mtima ife tomwe a ntchito imeneyi, chifukwa talola kuti kope lodzaza zilembo likhale umboni wokhawo woti mwana akuphunzira.

Bodza lomwe ndatopa nalo ndi limeneli: loti maphunziro amayamba tsiku lomwe mwana wagwira pensulo, ndipo akafulumira kuigwira ndiye kuti adzakhala wanzeru kuposa anzake.

Tiyambe ndi dzanja lenilenilo. Pomwe dzanja limalumikizana ndi mkono, munthu wamkulu ali ndi timafupa 8. Khanda limabadwa timafupa tonseti tisanalimbe, tili ngati kansonga kofewa ka fupa la chidali cha nkhuku komwe ana amakanganirana kutafuna. Timalimba kamodzikamodzi: tiwiri m'chaka choyamba, tina pang'onopang'ono, ndipo komaliza kamalimba mwana ali chamuma zaka 10. N'chifukwa chake madokotala akafuna kudziwa msinkhu wa mafupa a mwana amamujambula dzanja pa X-ray. Kuonjezera apo, mwana amayamba kulamulira thupi lake kuchokera pakati kupita kunsonga: msana ndi phewa kaye, kenako chigongono, dzanja, zala pomaliza. Mukamuona wazaka 2 akujambula, dzanja lakunga chibakera ndipo phewa lonse likuyenda. Kugwira pensulo ndi zala zitatu, chachikulu, cholozera ndi chapakati, komwe pa ntchito yathu timati tripod grasp, ana ambiri amakukhazikitsa pakati pa zaka 4 ndi 6.

Ndiye taganizani wazaka 3 yemwe wapatsidwa pensulo yowonda, kope la mizere yothithikana, ndi homuweki ya masamba awiri. Alemba, chifukwa ana amafuna kutisangalatsa komanso amaopa kukalipiridwa. Koma alemba ndi zomwe ali nazo. Amaifinya pensulo mpaka zikhadabo kuyera, amapinda dzanja, amaboola pepala, amagona pa tebulo. Kagwiridwe koteroko kakakhazikika, kukachotsa ali mu Sitandade 3 ndi nkhondo. Ndakumana nawo ambiri otere, ana ochenjera bwino pakamwa, koma mukangotulutsa kope m'mimba mwayamba kuwawa.

Pali china chomwe makolo ambiri amadabwa nacho ndikawauza. Mizere nayo ili ndi ndondomeko yake. Mwana amayamba kutha mzere woimirira, kenako wogona, kenako chozungulira ali chamuma zaka 3, mtanda pa zaka 4, bokosi la mbali zinayi patsogolo pake, ndipo mizere yopendekeka ndi chinthu cha ngodya zitatu zimabwera chamuma zaka 5. Tsopano yang'anani chilembo choyamba chomwe timamukakamiza: A wamkulu. Mizere iwiri yopendekeka yokumana pansonga, wina wogona pakati. Tikumufunsa wazaka 3 chinthu chomwe diso ndi dzanja lake zidzagwirizanepo zaka ziwiri zikubwerazo, ndiye akalephera timati ndi wogona.

Nanga dzanjalo limakonzeka bwanji? Ndi matope omwe aja. Kukanda mtapo, kuufinya, kupota timiyendo ta ng'ombe pakati pa zikhato, kutsina nyanga ndi nsonga za zala, zonsezi zikulimbitsa timinofu ta m'chikhato tomwe tidzanyamule pensulo. Timazitcha fine motor skills, kutanthauza luso logwiritsa ntchito timinofu ting'onoting'ono ta m'manja mogwirizana ndi maso. Sizasi ndiye mphunzitsi woposa onse. Chala chachikulu chili pamwamba, zala ziwiri zikutsegula ndi kutseka, zina ziwiri zapindika phee, ndipo dzanja linalo likutembenuza pepala. Mmenemo ndi mmene manja awiri adzagawanire ntchito polemba, lina kulemba, lina kugwira kope. Kutunga zitsekerero kuja, chofiira kenako chobiriwira, ndi masamu. Mwana wazindikira kuti zinthu zikubwerezeka mwa dongosolo ndipo atha kulosera chobwera. Kusanja ng'ombe kuyambira yaikulu mpaka yaing'ono ndi masamunso.

Za 1 mpaka 50 zija ndili nako kayeso kanga komwe sikafuna ndalama. Ikani mulu wa nthanga za maungu patsogolo pa mwanayo, mumuuze kuti, "Ndipatseko zisanu ndi imodzi." Ambiri mwa olemba mpaka 50 aja amangotapa chodzaza dzanja, kapena amawerenga pakamwa mothamanga chala chikudumpha nthanga. Sanadziwe kuti nambala iliyonse ili ndi nthanga yakeyake, komanso kuti nambala yomaliza kutchulidwa ndiyo kuchuluka kwa zonse. Aloweza nyimbo, ajambula zithunzi za manambala. Kuwerengetsa sanayambe.

Izi si nzeru zatsopano, kapena zanga. Friedrich Froebel, yemwe mu 1840 ku Germany anapereka dzina loti kindergarten, ankapatsa ana timatabwa tomangira, mapepala opinda ndi kuluka, ndi dothi. Maria Montessori, dokotala wa ku Italy yemwe anatsegula sukulu yake yoyamba m'dera la anthu osauka mu mzinda wa Rome mu 1907, ankawapatsa mabatani oti amange, madzi oti athire, ndi zilembo zodulidwa pa sandpaper kuti azisisite ndi chala asanayese kuzilemba. Lero sukulu zodula m'mizinda yathu zimalemba dzina la mayi ameneyu pa chikwangwani, n'kuitanitsa zipangizo kunja, pomwe apongozi aja anadutsa m'maphunziro omwewo osalipira kanthu: kutongola chimanga, kuswa mtedza, kusankha timiyala mu mpunga, kuumba timiphika ta masanje, kupanga magalasi a mapesi. Mwana wopinda mawaya kukhala galimoto yokhota bwino mawilo wadutsa kale pomwe ena tikuwalipirira fizi.

Ku Finland ana amayamba sukulu ya pulaimale m'chaka chomwe akwanitsa zaka 7, ndipo palibe amene amati ndi dziko la mbuli. Ku New Zealand, Sebastian Suggate ndi anzake anayerekeza ana omwe anayamba kuphunzitsidwa kuwerenga ali ndi zaka 5 ndi omwe anayamba ali ndi zaka 7, ndipo anapeza kuti pofika zaka 11 ochedwa aja anali atawapeza anzawo. Kuno kwathu msinkhu wa Sitandade 1 ndi zaka 6. Ndiye changu chonsechi chikuchokera kuti? Kunena mosapsatira, ndi malonda. Kholo lomwe lalipira fizi likufuna kuona china chake m'chikwama madzulo. Ng'ombe yadothi imasweka panjira, koma kope limafika. Mwini sukulu akudziwa zimenezi, ndiye amapanikiza mlezi, mlezi amapanikiza mwana, ndipo nthawi zina amangomugwira dzanja n'kumulembera. Pakutha pa chaka timuveka mkanjo ndi chisoti cha girajuweshoni munthu woti usiku amakodzabe pamphasa.

Koma mayi aja sindinawasiye osawatsina khutu, chifukwa m'zithunzi zawo munali zinanso. Munali gulugufe wa pepala wokongola mopitirira, mapiko ofanana ndendende, guluu osatayikira. Ndinafunsa kuti anapanga ndani. Anaseka, n'kuti anangothandizako pang'ono. Apa ndi pomwe kamera imasokoneza zinthu. Mayi akayamba kuganiza za mmene chithunzi chidzaonekere pa Facebook kapena pa status ya WhatsApp, amayamba kukonza ntchito ya mwana, kuwongola khutu la kalulu, kudula yekha kuti zithe msanga dzuwa lisanalowe. Zikatero wochita masewera olimbitsa zala ndi mayi, mwana ndi woonerera. Ndi bodza la kope lija lomwe, langovala malaya ena. Ana 20 akatuluka m'kalasi ndi agulugufe 20 ofanana, dziwani kuti mlezi anagona mochedwa. Ntchito ya mwana weniweni imakhala yokhota, yonyowa, ndipo nthawi zambiri muyenera kufunsa kuti ndi chiyani.

Kamera yomweyo ikagwira ntchito yake ndi chida chabwino kwambiri, makamaka kwa wophunzitsira pakhomo yemwe alibe lipoti la kumapeto kwa teremu. Aphunzitsi a sukulu za ana mu mzinda wa Reggio Emilia ku Italy anatchuka ndi zomwe amati documentation, ndiko kujambula ndi kulemba zomwe mwana akuchita ndi kunena ntchito ili mkati, kuti pambuyo pake aone mmene maganizo ake ayendera. Jambulani manja, osati nkhope yomwetulira. Jambulani mmene wagwirira khirayoni lero, mudzajambulenso pakatha miyezi itatu, muziike pamodzi. Muuzeni ajambule munthu mwezi uliwonse. Poyamba mudzaona mutu wokhala ndi miyendo iwiri basi, kenako mimba idzatulukira, kenako zala, kenako ndolo za agogo. Lembani tsiku ndi mawu ake enieni kuseri kwa pepala. Nthawi zina mpatseni foniyo mwanayo, mumutume akajambule zinthu zisanu zozungulira pabwalo. Abwera ndi tayala, chivundikiro cha poto, diso la mbuzi, ndipo muona kuti amaona zambiri zomwe inu mumangozidutsa.

Wina asaganize kuti ndikulalikira kuti aliyense achotse ana kusukulu. Ayi. Ndikumvetsa chomwe chimakankha makolo ena, pomwe kalasi ya Sitandade 1 m'sukulu zambiri za boma imatha kupitirira ana 100, koma kuphunzitsira pakhomo kumadya munthu mmodzi wathunthu, ndi malipiro ake omwe. Mayi yemwe amadzuka 4 koloko kupita kukaoda tomato sangakwanitse, ndipo asadziimbe mlandu. Ndaonanso makomo ena omwe amati tikuphunzitsira pakhomo, koma mphunzitsi wake ndi TV. Ana a pakhomo amafunanso anzawo, osati azibale awo okha: kumpira, kumasanje, ku Sande sukulu kapena kumadrasa, komwe angaphunzire kudikira mzere ndi kugonja osalira. Ndipo mwana akafika zaka 6 kapena 7, matope okha sakwanira. Kuwerenga sikubwera kokha ngati mano. Kumafuna kuphunzitsidwa mwadongosolo, liwu ndi chilembo chake, tsiku ndi tsiku, makamaka poyambira m'chilankhulo chomwe mwanayo amalota nacho.

Kumbali ya malamulo, lamulo la zamaphunziro la 2013 linati maphunziro a pulaimale ndi okakamiza, ndipo mayeso a Sitandade 8 amayendetsa ndi a MANEB, choncho pitani msanga ku ofesi ya zamaphunziro ya m'boma lanu mukamve mmene mwana wanu angalembetsere, musadikire chaka cha mayeso. Abale athu a ku South Africa, kumeneko lamulo limafuna kuti mwana wophunzira pakhomo alembetsedwe ku dipatimenti ya zamaphunziro ya chigawo chomwe mukukhala.

Malo andithera, ndiye zotsalazi ndinena mothamanga, ndipo kumbukirani kuti ana amasiyana, zaka zomwe ndatchulazi si malire a munda. Musagule zambiri: makatoni, nsanza, zitsononkho, makala olembera pansi, ndi phala la ufa wa chinangwa lomatira zikukwanirani. Choko chachifupi kapena khirayoni yothyoka ndi yabwino kuposa yatsopano, chifukwa kachidutswa kamakakamiza zala zitatu zija kugwira ntchito. Alembe ataimirira, pa khoma kapena pa katoni yopachika, kuti phewa lilimbe. Mikanda, nthanga ndi mabatani zisayandikire mwana wosakwana zaka 3, amameza ndiponso amaika m'mphuno. Zithunzi zoonetsa nkhope, yunifolomu kapena geti la nyumba yanu musazimwaze pa intaneti, ndipo zochepa zofunikazo kazitsukitseni, foni imagwa m'madzi. Mwana akafika zaka 5 koma sipuni ikumuvutabe, zinthu zikungomupulumuka m'manja, kapena dzanja lina saligwiritsa ntchito n'komwe, musadikire kuti akula nazo, kamuonetseni kuchipatala ndipo mufunse gawo la physiotherapy. Wamanzere musiyeni ndi manzere ake. Mungomupendeketsera pepala mbali inayo, mumukhazike kumanzere kwa mnzake kuti zigongono zisamagundane, ndipo mukapeza wopita ku Johannesburg mumutume sizasi ya amanzere, chifukwa ya masiku onseyi imangomupindira pepala m'malo modula.