MAKINA OTHANDIZA KUPUMA M'TULO AFUNA CISAMALIRO PA NYENGO YA FUMBI

Wolemba Mtolankhani Wathu

M'midzi yathu munthu woliza mkonono amangosekedwa. Pa maliro kapena pa ulendo anzace amamthawa nati uyu akagone yekha kukhonde. Koma a zaumoyo acenjeza kuti ulipo mkonono wina umene suli woseketsa konse. Uwu ndi uja umalira kwambiri, kenaka nkuduka kuti zii, munthu nakhala kanthawi osapuma kufikira atadzidzimuka ngati watsamwa. Amene amaona zimenezi ndi mnzace wogona naye. Mwini wace sadziwa kanthu. Amangodabwa kuti kukaca mutu ukuwawa, kukhosi kwauma, ndipo masana amaodzera pamsonkhano, m'chalichi, ngakhale ali pa ciwongolero ca galimoto.

Matendawa pa Cingerezi amachedwa sleep apnoea, ndiko kubanika m'tulo. Munthu akagona minofu ya kukhosi imalefuka, ndipo mwa ena, makamaka onenepa ndi a khosi lalikulu, lilime ndi minofuyo zimagwera m'mbuyo nkutseka njira ya mpweya. Madokotala amawerenga nthawi iri yonse imene mpweya waima kapena wacepa kwambiri kwa masekondi 10 kapena kuposa. Zikacitika kasanu pa ola limodzi ndiye kuti matenda ayamba. Zikafika ka 30 pa ola ndiye kuti akula. Wodwala wotere amakhala pafupi ndi kuthamanga kwa magazi, matenda a mtima, kufa ziwalo ndi ngozi za pamseu. Akatswiri amene analemba m'magazini ya Lancet Respiratory Medicine mu 2019 anayerekeza kuti pa dziko lonse anthu 936 miliyoni a zaka 30 mpaka 69 ali ndi bvutoli.

Thandizo lodziwika kwambiri ndi makina ochedwa CPAP. Anawayamba ndi Dr Colin Sullivan wa ku Sydney m'dziko la Australia mu 1980, pogwiritsa nchito injini ya makina oyamwira fumbi m'nyumba imene anaitembenuza kuti iziuzira mpweya. Mu 1981 iye ndi anzace analengeza za odwala asanu amene anathandizidwa motero. Makina a masiku ano ndi aang'ono ngati wailesi. Ali ndi paipi yofewa, masiki yobvala kumphuno, kathanki ka madzi ofewetsa mpweya, ndi kasefa kumbali kapena kumbuyo. Nchito yao ndi kuuzira mpweya mosalekeza kuti kukhosi kusatsekeke.

Muno m'Zambia makinawa ndi okwera mtengo ndipo sali m'nyumba zambiri. Komabe ana ogwira nchito ku Lusaka, ku Johannesburg kapena ku Britain amatha kugulira makolo ao kumudzi, ndipo makinawo amafika m'nyumba za fumbi limene amene anawapanga sanaliganizire.

SAPANGA MPWEYA WAO

Ena amayesa kuti CPAP ndi makina a okosijeni onga a m'cipatala. Iai. Makinawa amakoka mpweya womwewo wa m'cipinda cogona, naukankhira m'mphuno usiku wonse. Ngati m'cipindamo muli fumbi, utsi kapena nkhungu, cimene caima pakati pa zinthuzo ndi mphuno za wodwala ndi kasefa kaja, kocepa kuposa cikhatho ca mwana. Ndipo utsi ndi fungo zokha kasefako sikaziletsa.

Apa ndipo pagona bvuto la anthu amene thupi lao limawengedwa ndi zinthu zina. Tonse timadziwa munthu amene nyama yakuti kapena nsomba yakuti imamuwenga. Mphuno nazonso zimawengedwa: munthu amayetsemula kosaleka, mamina amadzi amangocuca, maso amayabwa, mphuno nkutsekeka, koma popanda kutentha thupi monga zimakhalira ndi cimfine ceni-ceni. Kuno kwathu nyengo iri yonse iri ndi cace. Kuyambira June anthu amatentha chire, ndipo kuyambira August mpaka October mphepo ndi akabvuluvulu amanyamula fumbi ndi phulusa la lupsa. Mvula ikagwa fumbi limagona, koma makoma ndi zofunda zimacita nkhungu, ndipo udzu ndi ngayaye za cimanga zimamwaza mungu. Caka conse m'mitsamiro, m'matilesi ndi m'mabulangeti mumakhala tizirombo tosaoneka ndi maso timene timadya mfundu za khungu la munthu. Zitosi za tizirombo timeneti, pamodzi ndi za mphemvu ndi ubweya wa amphaka, ziri m'gulu la zinthu zowenga mphuno koposa.

Mphuno zikatsekeka, wodwala amatsegula pakamwa, mpweya wa makina nuthawira pomwepo. Amauka pakati pa usiku kukhosi kuli gwa, nabvula masiki mokwiya. Pakapita sabata makina abwerera m'katoni kunsi kwa kama, ana kutauni ali phee poganiza kuti atate ao akupeza bwino. Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Makina a m'katoni sathandiza munthu. (Fodya weni-weniyo, wosuta kapena wofwenkha, wodwala wotere ayenera kumsiya.)

SEFA, MADZI NDI SOPO

Kabuku kobwera ndi makina kamanena masiku osinthira sefa, koma kanalembedwera nyumba za m'maiko opanda fumbi longa lathu. Nyengo yacilimwe ndi bwino kuisuzumira sabata iri yonse. Masefa ali mitundu iwiri. Yoyera yonga pepala sacapa. Ikada imatayidwa nkuikapo ina, ndipo ndi imeneyi imagwira mungu ndi fumbi losalala. Yonga siponji, imene iri m'makina ena, imatsukidwa ndi madzi ndi kuumitsidwa bwino-bwino isanabwezedwe, pakuti sefa yonyowa ndi munda wa nkhungu. Kudula kansalu kapena thonje m'malo mwa sefa ndi kulakwa: mpweya umacepa, injini imatentha, ndipo ulusi ungalowe m'kati. Amene akutumiza makina kumudzi atumizire pamodzi masefa okwanira caka, cifukwa m'sitolo ya pa boma sadzapezeka.

Makina akhale pa tebulo kapena pa mpando, osati pansi pamene pali fumbi lonse, ndipo atalikirane ndi zenera ndi nsalu yace. Masana aphimbidwe ndi nsalu yoyera, koma usiku nsaluyo icotsedwe. Posesa, yambani mwawaza madzi. Zofunda zicapidwe kawiri-kawiri ndi kuyanikidwa padzuwa, matilesi ndi mitsamiro nazo zizionako dzuwa. Mbaula, koloboi ndi mankhwala ofukiza udzudzu zisakhale m'cipindamo. Neti ndiyo yoyenera.

Pali cizolowezi cina cimene tiyenera kucichula ngakhale cifukwa cace ndi comveka. Poopa akuba, mabanja ambiri amasunga matumba a cimanga, nshawa, thonje kapena fodya m'cipinda cogona, kawiri-kawiri cimangaco ciri cothira mankhwala a anankafumbwe. Munthu wa CPAP akagona pambali pa matumba otere amapuma fumbi lao kufikira tambala alire. Zokolola zipezeredwe cipinda cina.

Kathanki kafuna madzi oyeretsedwa ochedwa distilled water, ogula kogulitsa mankhwala. Madzi a mabatire a galimoto asayesedwe, pakuti sanakonzedwere kulowa m'mapapo ndipo mabotolo ao amasokonezeka ndi a asidi. Akasowa oyenerawo, madzi owiritsa ndi kuziziritsa angagwire nchito kwa kanthawi. Kuwiritsa kumapha tizirombo koma sikucotsa mcere wa m'madzi a pa mjigo, umene umasiya zoyera zonga za m'ketulo. Zimenezo zimacoka ndi viniga wosungunula ndi madzi. M'mawa uli wonse madzi otsala atayidwe, kathanki kaume.

Masiki ipukutidwe tsiku ndi tsiku, cifukwa mafuta a pankhope amaifewetsa nkuyamba kutaya mpweya. Kamodzi pa sabata masiki, malamba, paipi ndi kathanki zitsukidwe m'madzi ofunda ndi sopo wopanda fungo, zitsukuluzidwe bwino, ziyanikidwe pamthunzi, paipi italenjekeka kuti madzi akhe. Jik, spiriti ndi mafuta onunkhira zimaononga labala ndipo zimapsereza mphuno. Vaseline nayenso amaononga masiki. Zilonda ndi kufiira pa mphuno kawiri-kawiri zimadza ndi malamba omanga kwambiri kapena sopo wotsalira. Si ambiri amene labala wa masiki amawawenga. Aliponso timakina togulitsidwa kuti timayeretsa CPAP ndi mpweya wa ozone. Bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linacenjeza mu February 2020 kuti anthu ena anatsokomola ndi kubanika atatigwiritsa nchito. Sopo ndi madzi ndi zokwanira.

MPHUNO NAZO ZISAMALIDWE

Wodwala angatsuke m'mphuno madzulo ndi madzi owiritsa, oziziritsa, othira sipuni yaing'ono imodzi ya mcere pa theka la lita. Kusamba kumaso ndi kumutu pocokera kumunda kumacotsa mungu umene ukadafika pa mtsamiro. Zikakanika, ku cipatala kuli mankhwala opopera m'mphuno onga beclomethasone, amene amayamba kuthandiza patapita masiku, cotero safuna kutaya mtima msanga. Aliponso ena otsegula mphuno pompo-pompo onga xylometazoline. Awa ndi onyenga: akapitirira sabata mphuno zimatsekeka koposa kale. Piriton, amene ambiri amamdziwa, amaodzeretsa. Cetirizine ndi loratadine saodzeretsa kwambiri. Mowa ndi mapiritsi ogonetsa zimalefula minofu ya kukhosi ndi kukulitsa kubanika. Kwa amene mphuno zao zimatsekeka nyengo yonse, dokotala angasankhe masiki yaikulu yophimba mphuno ndi pakamwa pomwe. Mphamvu ya mpweya wa makina asasinthe munthu wamba.

Mau awiri kwa ogula. Mu June 2021 kampani ya Philips inaitanitsa mamiliyoni a makina ace opangidwa April wa caka cimeneco asanathe, cifukwa siponji yoletsa phokoso ya m'kati inali kufumbutuka, makamaka kumalo otentha ndi a cinyontho. Wolandira makina ogwirapo kale nchito afufuze dzina ndi nambala yao, ndipo akaona tizidutswa takuda m'paipi kapena m'masiki apite nao kwa dokotala msanga. Masiki ndi paipi za munthu wina sabwerekana.

Kwinaku ndi magetsi. Cilala ca 2024 citacepetsa madzi ku Kariba, madera ena anali kukhala maola oposa 20 pa tsiku opanda magetsi. Makina ambiri amayenda ndi batire la sola ngati pali nthambo yace yoyenera, ndipo batire limakhalitsa mukazima mbali yotenthetsa madzi, imene imadya moto wambiri. Jenereta ikhale panja, kutali ndi zenera, pakuti utsi wace umapha ndipo makina angaukokere kwa wogona.

Makina a masiku ano amasunga ciwerengero ca maola amene munthu wawabvala, ndipo madokotala amafuna kuona maola osacepera 4 usiku uli wonse, ngakhale cofunika ndi usiku wathunthu. Koma kumudzi woyamba kudziwa ndi uja wogona pambali. Amai kapena abambo, mukamva mkonono wabwerera masiki iri kumaso, yang'anani sefa, mverani ngati mpweya ukuthawa m'mbali mwa masiki, ndipo funsani za mphuno. Zonsezi zikakhala bwino koma mnzanu akuodzerabe masana, kapena wayamba kulira m'cifuwa ngati wa mphumu, nyamulani makina, masiki ndi kabuku kace popita ku cipatala.