KHOLA LOLIMBA NDILO MLONDA WA NKHUKU KU DAMBWA

Anthu a mu Livingstone akakhala pansi kukambirana za nyama zoononga, nkhani imayambira pa njovu. Izi n'zosadabwitsa, pakuti mzindawu uli m'mphepete mwa paki ya Mosi-oa-Tunya, imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1972, ndipo m'cilimwe njovu zimatulukamo kukafuna cakudya kufikira m'makomboni monga Dambwa. Koma mukafunsa mai amene aweta nkhuku khumi kuseri kwa nyumba yake kuti mdani womusowetsa tulo ndani, iye adzachula galu, ndipo kawiri-kawiri galuyo ali ndi mwini wake amene akhala mumseu womwewo.

Tiyeni tiyambe taona cimene cimataika nkhuku imodzi ikagwidwa. Thadzi la nkhuku zacikuda limaikira mazira 10 kufikira 15 pa nthawi imodzi, niliwakhalira masiku 21 kuti aswe, ndipo limatero katatu kapena kanai pa caka. Mwanapiye wamkazi amatenga miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri kuti akhale msoti woyamba kuikira. Motero galu akapha thadzi limodzi m'kanthawi kocepa, waononga nchito ya theka la caka pamodzi ndi anapiye onse amene akanabadwa. Coipa cina n'cakuti galu akalowa m'khola sakhutira ndi imodzi. Nkhuku zikayamba kuuluka ndi kulira iye amapenga, naluma iyi ndi iyo, nazisiya zili mbwee osadyako n'komwe. Pa banja limene lidalira nkhuku pogula yunifomu ya mwana wa sukulu, polandira mlendo kapena pofuna ndalama ya ku cipatala, usiku umodzi wotere ndi tsoka lalikulu.

ADANI A USANA NDI A USIKU

Galu sali yekha pa mlanduwu. Dambwa ili pafupi ndi nkhalango yosungidwa ndi Boma ya Dambwa, ya mitengo ya mukusi, ndipo tinyama ta m'thengo sitidziwa malire a komboni. Woweta ayenera kumudziwa mdani ali yense ndi njira imene abwerera, cifukwa msampha wa mbewa sugwira mbalame.

Usana adani amacokera kumwamba. Mphamba amazungulira mumlengalenga nagwera anapiye amene ali poyera, makamaka kuyambira mwezi wa Ogasiti kufikira m'dzinja, pamene mbalamezi zimaculuka m'dziko muno. Akhwangwala amatola mazira ndi anapiye a masiku ocepa. Pansi pamabwera likongwe ndi msulu, ndiponso ng'azi imene imakonda mazira. Usiku ndi nthawi ya mwiri, vumbwe, amphaka osowa pokhala, makoswe ndi njoka. Izi zimalowa pa kabowo kamene munthu sangakaganizire.

Mukadzuka m'mamawa ndi kupeza zaonongeka, yang'anani bwino musanakwiyire munthu. Ngati nkhuku zambiri zafa, nthenga zili paliponse, mitembo ili pomwepo ndipo pansi pa mpanda pali dzenje, ameneyo ndi galu. Ngati zalumidwa pakhosi kapena kumutu kokha, ndi kanyama ka m'thengo. Ngati mazira kapena anapiye angosowa popanda nthenga kapena mwazi, funani njoka, ng'azi kapena khoswe. Ndipo ngati nkhuku zazikulu zasowa citseko cili cotsegula bwino-bwino, mdaniyo ayenda ndi miyendo iwiri.

MCENGA NDIWO UMAPEREKA NJIRA

Pali cinthu cimodzi cimene woweta wa ku Dambwa ayenera kucisamala kuposa mnzake wa ku Chipata kapena ku Katete. Nthaka ya mbali yaikulu ya Livingstone ndi mcenga wa Kalahari, wofewa ndi wosavuta kukumba. Anthu ambiri amataya ndalama kugula waya wautali, naumanga bwino pa mitengo, koma nausiya ungokhudza pansi. Galu salimbana ndi kulumpha ngati angathe kufukula, ndipo mumcenga nchito imeneyi siimutengera nthawi. Akulu-akulu anati galu wamkota sakandira pacabe. Mukaona pokanda-kanda m'mbali mwa khola lero, dziwani kuti mawa adzabwera kudzatsiriza.

Mankhwala ake ndi awa. Kumbani ngalande yakuya masentimita 30 kufikira 45 kuzungulira mpanda wonse, mulowetsemo waya ndi kukwirira. Ngati mcenga ukugumukira m'ngalande, pindani waya wa m'munsi kuti ugone pansi kuloza kunja, utali wa theka la mita, ndipo muupsinje ndi miyala, zidutswa za njerwa kapena matayala akale. Galu amayamba kukumba patsinde peni-peni pa mpanda, ndipo akakumana ndi waya kapena mwala amagwa mphwayi. Mpandawo ukhale wotalika mita imodzi ndi theka kapena kuposerapo. Kumbukirani kuti waya wopyapyala wa nkhuku anaupangira kutsekera nkhuku m'kati; galu wamkulu angathe kuung'amba. Cotero m'munsi muikemo waya wokhuthala, malata akale kapena mitengo yothithikana.

Nyumba yogonamo nkhuku ikhale pa nsanamira, mita imodzi kucokera pansi, monga momwe makolo athu anali kumangira. Pa nsanamira iri yonse mukulunge lata kuti makoswe ndi tinyama tina titerereke. Mazenera olowetsa mphepo asasowe, cifukwa kutentha kwa Okutobala mu Livingstone kungaphe nkhuku zotsekeredwa mosapita mpweya, koma muwachinge ndi waya wa maso ang'ono osalowa cala. Citseko cikhale ca loko, makwerero acotsedwe madzulo, ndipo pakhale munthu mmodzi pa banja amene nchito yake ndi kuwerenga nkhuku ndi kutseka dzuwa likamalowa. Makola ambiri amapyoledwa pa tsiku limene ali yense anayesa kuti mnzake watseka.

Anapiye asayende poyera kufikira atakwanitsa milungu inai kapena isanu ndi umodzi. Asungeni ndi make m'kakhola kovindikira pamwamba, kapena pansi pa dengu lalikulu pamthunzi, muwapatse gaga, masamba, ciswe ndi madzi oyera m'mbale yosazama. Mazira atoledwe tsiku ndi tsiku, udzu ozungulira khola ulimidwe, ndipo makombo a nsima ndi mafupa asataidwe pafupi, pakuti fungo lake ndilo limaitana agalu ndi makoswe.

MWINI GALU ALI NDI UDINDO

Komabe si cilungamo kuti katundu yense asenze ndi woweta nkhuku. Walira mvula walira matope: amene wafuna galu wafunanso kumudyetsa, kumusunga ndi kumuyankhira. Agalu ambiri oyenda-yenda m'makomboni ali ndi kwao, koma amamasulidwa usiku kuti akadzifunire okha cakudya ku zinyalala za kumsika, ndipo pobwerera amadzera pa makola a anthu.

Dziko la Zambia liri ndi lamulo loyang'anira agalu, la Control of Dogs Act, Caputala 247. Pansi pa lamuloli galu wa m'tauni ayenera kulembetsedwa ku Khonsolo ndi kulandira katemera wa ciwewe, ndipo makhonsolo amakumbutsa anthu kawiri-kawiri kuti nyumba imodzi isasunge agalu oposa awiri popanda cilolezo. Galu wopezeka alikungoyenda wopanda cizindikiro angathe kugwidwa kapena kuphedwa ndi anchito a Boma. Motero mwini galu amene amanga mpanda, namudyetsa mokwanira, ateteza nkhuku za mnansi wake ndi moyo wa galu wake womwe. Kufula agalu amuna ndi kutseketsa aakazi kwa a Vetenale kumacepetsa kuyenda-yenda ndi tiana tosowa wotisunga.

Nanga galu wa mnansi akapha nkhuku zanu mucitenji? Musataye mitembo msanga. Itanani mboni ziwiri zione dzenje, mapazi ndi nkhuku zakufazo, ndipo pitani kwa mwini galu mwaulemu mukakambirane za malipiro. Akakana, nkhaniyo ipite kwa akulu-akulu a m'dera lanu kapena kwa khansala, ndipo ikalephereka kumeneko, khoti laling'ono la Local Court limaweruza milandu yotere. Za agalu opanda mwini kauzeni a zaumoyo ku Khonsolo ya mzinda wa Livingstone kapena a ku ofesi ya Vetenale.

Cimene ticenjeza awerengi athu mwamphamvu ndi kuthira mankhwala akupha m'nyama kapena m'nsima. Poizoni sasankha. Adzapha galu wosalakwa, mphaka, nkhuku zanu zomwe, miimba imene idya mtembowo, ndipo mwana wokwawa angatole nyamboyo. Wocita zimenezi angathe kuimbidwa mlandu, ndipo cidani ca pakati pa anansi cimakhala zaka. Cimodzi-modzinso mukapeza nsato m'khola musaiphe, pakuti ndi nyama yotetezedwa. Itanani a Dipatimenti ya National Parks and Wildlife, imene inalowa m'malo mwa ZAWA m'caka ca 2016, adzaicotse.

NGOZI YOPOSA NKHUKU

Galu wolowa m'khola angabweretse cinthu coopsa kuposa imfa ya nkhuku. Mwana kapena mai amene athamangira kukalanditsa thadzi lake ndiye amalumidwa. Bungwe la World Health Organization liyerekeza kuti ciwewe cimapha anthu pafupi-fupi 59,000 pa caka pa dziko lonse, ambiri a iwo mu Africa ndi Asia, ndipo pafupi-fupi onse amacitenga kwa agalu. Zizindikiro zikaoneka, matendawa sacizika. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite ku cipatala tsiku lomwelo. Akatswiri akuti agalu 70 mwa 100 ali onse akalandira katemera, matendawa amaleka kufalikira m'dera. N'cifukwa cake kuyambira m'caka ca 2007 maiko amakumbukira nkhondo yolimbana ndi ciwewe pa 28 Seputembala, tsiku limene anamwalira Louis Pasteur, amene anayamba kupereka katemerayu kwa munthu mu 1885.

Khola lolimba liri ndi phindu linanso. Nkhuku zogona pamodzi sizivuta kuzigwira pa tsiku la katemera wa citopa, wodonthezera m'diso, amene afunika kubwerezedwa pakapita miyezi itatu kapena inai. Zogona m'mitengo zimaphonya katemera, ndipo citopa cikafika sicisiya ndi imodzi yomwe.

Mvula isanayambe mu Novembala, pamene udzu udzakula ndi kubisa adani, woweta ali yense wa ku Dambwa azungulire khola lake ndi khasu m'manja, ayese patsinde pa mpanda ngati pangafukulidwe, natseke bowo liri lonse. Naye mwini galu apite ku ofesi ya Vetenale ndi ku Khonsolo, ndipo usiku galu wake agone m'kati mwa mpanda.