KODI WOGULA MPUNGA AFUNANJI?

 Madzulo ano tikambirane za mpunga.

Tsiku lina pa msika wa Petauke ndinaona mai wina alikugula mpunga. Sanayambe ndi kufunsa mtengo ai. Anatapa pang'ono m'dzanja, naununkhiza, naufukula ndi cala kufuna timiyala. Atatero anausiya, nakagula wina wokwera mtengo pa thebulo lina. Wogulitsa anatsala ali kakasi. Kodi mai uja anali kufunanji, ndipo tingacipime bwanji?

Ogula ayang'ana zinthu zinai: pfungo, kuyera, kusasweka kwa maso ace, ndi kaphikidwe kace, ngati umwazika bwino kapena ugwirana ngati phala. Mpunga wa ku Chama, wa ku Nakonde, wa ku Mongu ndi Kilombero wa ku Karonga wachuka cifukwa ca pfungo. Koma Zambia sakolola mpunga wokwanira anthu ace, kotero wina ucokera ku Tanzania ndi ku Asia. Wa ku Asia ufika woyera ndi wosankhidwa kale, ndipo mlimi wathu alikupikisana ndi umenewo.

Kufunsa cabe sikukwanira, pakuti munthu angathe kuyamika cinthu pakamwa, koma thumba lace nkukana. Motero akatswiri ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndiyo kuphika mitundu ingapo mofanana, ndi kuika m'mbale zopanda maina, kuti wolawa aweruze ndi lilime lokha. Yaciwiri ndiyo malonda opikisana. Mai aliyense apatsidwa kilo imodzi ya mpunga wamba, nafunsidwa ndalama zimene angaonjeze kuti ausinthe ndi wabwino. Aliyense achula mtengo wace mseri. Wochula mtengo waukulu ndiye atenga, koma alipira mtengo wa amene wamtsata. Pamenepo bodza lilibe phindu: ukacepetsa, mpunga umene uufuna ukupita, ukacurutsa, ungalipire koposa m'mene uukondera. Njira iyi anailongosola William Vickrey m'caka ca 1961.

M'caka ca 2008 a bungwe limene lero lichedwa AfricaRice anayesa njirayi ndi akazi a mu mzinda wa Saint-Louis ku Senegal. Anthu anali kunena kuti a m'mizinda akonda mpunga wakunja wokha. Koma akazi aja anaonjeza ndalama pa mpunga wa kwao womwe, utayeretsedwa ndi kusankhidwa bwino. Cimene anali kukana ndi miyala ndi zinyalala, osati mpunga wa dziko lao. Dziwaninso kuti ku Senegal akonda mpunga wosweka, umene kuno tiupeputsa. Ndico cifukwa cace dera liri lonse liyenera kupimidwa palokha. Zokonda za Nyimba sitingazimvere ku Dakar.

Tsono inu alimi, zambiri mwa izi ziri m'manja mwanu. Musasakanize mitundu m'munda umodzi. Kololani mpunga utangokhwima, pakuti ukaumitsa m'munda, nulowanso mame kapena mvula, ung'ambika mkati ndipo usweka pa cigayo. Punthirani ndi kuyanika pa mphasa kapena pa tenti, osati pa dothi, cifukwa ndipo palowera miyala. Cinyezi coyenera popita ku cigayo ndi magawo 14 pa 100.

Inunso ogulitsa mungathe kupima nokha. Ikani mpunga umodzimodzi m'mabeseni awiri, wina wopetedwa ndi kusankhidwa, wina wosasankha. Wosankhidwawo ukwere mtengo pang'ono. Lembani makapu amene mugulitsa m'beseni liri lonse kwa sabata lathunthu. Ngati ndalama zoonjezera ziposa zimene mwataya posankha, mwadziwa cocita.

Akulu anati safunsa anadya phula. Mlimi amene safunsa wogula agulitsa thukuta lace pa mtengo wa madeya.